Nyenyezi zitatu: makoswe anatha, koma kagalu kathu kanatsala pang'ono kupita nawo

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za munthu mmodzi, osati za kampani yopha makosweyi.

Timakhala ku Rosettenville, ku Johannesburg, nyumba ya kuseri ya zipinda ziwiri, ine, bambo a ana, ana awiri ndi kagalu komwe tinapatsidwa kuntchito. Chisanu cha June chitangoyamba timakoswe tinatilowerera. Osati zimakoswe za m'tauni zofanana ndi mphaka zija, ayi, koma ting'onoting'ono totuwa, tomwe kumudzi ukanati ndi mbewa n'kuyamba kusaka mchere. Tinaboola thumba la ufa, tinalowa mu usipa womwe amayi ananditumizira pa basi, ndipo m'mawa uliwonse m'kabati ya mbale munkakhala manyi ngati mpunga wakuda.

Anzanga ankangoti gula tameki, kuno amati galephirimi, wa m'timapepala pa renki ya matakisi. Ndinakana. Ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira mu October 2024, ndipo boma linanena kuti chinawapha ndi terbufos, poizoni wa kumunda yemwe amagulitsidwa m'misewu ngati wa makoswe. Mwana wanga wamng'ono ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, chilichonse chapansi chimathera m'kamwa. N'chifukwa chake ndinalolera kulipira kampaniyi R950, kuti abwere odziwa ntchito. Pa foni ndinanena katatu konse kuti muno muli mwana wokwawa komanso galu. Mtsikana wa mu ofesi anati ndisadandaule, mankhwala awo amakhala m'timabokosi tokiya.

Anabwera mnyamata mmodzi Lachiwiri, foni ili kukhutu kuyambira pageti. Mphindi khumi sizinakwane. Panja anaikadi timabokosi tiwiri takuda, ndinaona ndi maso anga. Za m'khitchini sindinaone chifukwa ndinkasambitsa mwana, ndinangomva akuti zatheka mama, n'kunyamula ndalama.

Lachinayi madzulo ndikuvundula nsima, ndinamva kagalu kakukukuta chinthu kuseri kwa fuliji. Ndinaganiza kuti ndi fupa. Potembenuka, mwana wakhala pansi pambali pake, m'dzanja muli kachibenthu kabuluu ngati sopo wochapira, zala zonse zabuluu. Abale, mthiko ndinautaya pomwepo. Ndinamutsegula kukamwa, lilime linali loyera, koma milomo ya galu inali buluu yekhayekha. Nditakoka fuliji ndinapeza zibenthu zinayi zili poyera, chimodzi chodyedwa theka. Pansi pa sinki panali zina zitatu. Bokosi lake kulibe. Munthu anangoziponya ngati akumwaza chimanga cha nkhuku.

Mwana ndinamusambitsa m'manja ndi sopo kwinaku ndikuimba nambala ya chithandizo cha poizoni, 0861 555 777, isungeni m'foni nonse muli ndi ana. Funso lawo loyamba linali dzina la mankhwalawo, ine osalidziwa chifukwa mnyamata uja sanasiye pepala lililonse. Tinathamangira kuchipatala ndi chibenthu m'pulasitiki, bambo a ana n'kutengera galu kwa dokotala wa ziweto. Mwana anamuona, anati zikuoneka kuti sanameze, koma timuyang'anire masiku angapo. Galu anamusanzitsa. Kumeneko ndiko tinamva kuti mankhwala a mtundu umenewu amalepheretsa magazi kuundana, chiweto chimaoneka chabwinobwino masiku atatu kapena asanu kenako n'kuyamba kutaya magazi m'kati. Tikanati tidikire tione, tikanakakwirira. Anatipatsa mapilitsi a vitamini K1 a masabata anayi. Zonse pamodzi R1 800, ndalama yomwe ndinasungira sukulu fizi ya mchemwali wanga ku Ntcheu.

Chinandipweteka kwambiri ndi cha m'mawa wake. Nditaimbira ku ofesi, mtsikana yemwe uja, atangomva kalankhulidwe kanga, mawu anasintha. Akuti galu ndi udindo wa mwini wake. Akuti mwina ndinaika ndekha za mumsewu, poti "anthu inu" mumakonda zimenezo. Anthu inu! Pomwe ndinkapereka R950 sindinali anthu inu. Ndinamufunsa nambala ya chiphaso cha mnyamata uja, poti kuno aliyense wogwira ntchito yopha tizilombo ndi makoswe amayenera kulembetsa ku unduna wa zaulimi pansi pa lamulo nambala 36 la 1947. Anandidulira foni. Mpaka lero ndikamva mawu ake mtima umawira.

Ndinali nditalemba kale ndemanga ya nyenyezi imodzi, yoti musayerekeze n'komwe. Koma Loweruka kunabwera bambo wina wachikulire, yunifolomu ya kampani yomweyo, atatumidwa ndi mwini kampani yemwe anaona zithunzi pa WhatsApp. Atamva ndikukalipira mwana m'Chichewa anaseka n'kuti, "Mayi, pepani, ine kwathu ndi ku Tete, tiyeni tilankhule chathu." Sanayambe ndi kudziteteza. Anagwada pansi ndi tochi, n'kutola kachibenthu kena kuseri kwa sitovu komwe ine sindinakaone. Kenako anandionetsa polowera: mpata wozungulira paipi ya sinki, kamng'alu pansi pa chitseko, ndi njerwa ya mabowo ija yolowetsa mpweya, yomwe sefa yake inang'ambika. Ndinati apa khoswe sangakwane. Anatenga pensulo ya mwana wanga wamkulu n'kuilowetsa, akuti pomwe pensulo yalowa, kakhoswe kotere kalowanso. Anatseka ndi waya wotsukira mapoto ndi simenti, pachitseko anakhomera mphira.

M'nyumba anakana kuikamo poizoni. Anatchera misampha ya sipuling'i isanu ndi umodzi, uliwonse m'kabokosi koti dzanja la mwana kapena mphuno ya galu sizingafike, yotsamira kukhoma chifukwa makoswe amayenda motsata khoma, nyambo yake chiponde chochepa ngati nsawawa imodzi. Ananditsutsanso pang'ono, ndipo sanalakwe: chakudya cha galu ndinkachisiya m'mbale usiku wonse, ufa uli m'thumba pansi. Pano zonse zili m'zidebe zotseka. Manyi aja anati ndisamasese ali ouma, ndiziyamba ndawaza madzi a jiki kenako n'kupukuta. Usiku woyamba tinagwira tinayi, sabata yonse tisanu ndi tinayi. Papita mwezi ndi theka, kabati ili mbee.

Ndiye ntchito amaidziwa, zimangotengera kuti akutumizirani ndani. Mukawaitana, imani pomwepo mpaka amalize, muone bokosi lililonse likukiyidwa, ndipo asachoke asanakulembereni dzina la mankhwala. Akabwera wa foni kukhutu mubwezeni pageti.

Kagalu kanachira, kayambiranso kuba nsapato. Mwini kampani anandilonjeza kubweza theka la ndalama ya dokotala wa ziweto, R900, akuti kutha kwa July. Lero ndi pa 19 August. Mauthenga anga akuwerengedwa, yankho palibe.