Mawailesi a malume patatha miyezi 14 pa nyanja

Mwera wa chaka chatha usanayambe ndinatsegula katoni ya malemu malume anga, amene ankayendetsa thiraki pakati pa Lilongwe ndi Durban. Munali mawailesi awiri olankhulirana a CB, aja ena amati ovaova: Cobra 29 LTD ndi Cobra 148 GTL. Yoyambayo ndinaiika m'boti lathu la chilimira pano pa Senga Bay, inayo kunyumba. Boti likalowa mkati netiweki ya foni imabwera mwa apo ndi apo, ndipo mafoni a alovi sakhalitsa ndi madzi. Milungu yoyamba ndinauza aliyense kuti zonse zatheka. Lero pali mawu ena amene ndiyenera kubweza.

Cobra 29 LTD sinandivutepo. Ndinaikonza ndekha pathebulo, ndipo sindinafune kuisandutsa chinthu china. Ndinachotsa makapasita onse a electrolytic n'kuika atsopano, chifukwa timadzi ta mkati mwake timauma ndi zaka, wailesi n'kuyamba kulira ngati njuchi. Ndinapala guluu wakale amene anali atada pa bolodi. Guluu ameneyu akakalamba amadya timiyendo ta zipangizo ndipo amayamba kudutsitsa magetsi. Ndinatsuka chosinthira matchanelo, n'kubwereza mtovu paliponse pamene unang'aluka. Timakoyilo sindinatikhudze. Imatulutsa mawati ake 4 pa AM (njira wamba yotumizira mawu) monga inapangidwira, ndipo yadutsa mwera uwiri ndi dzinja limodzi ili m'chigubu cha malita 20 chimene tinachidula m'mbali. Kupatula diode yoteteza imene ndiitchule kutsogoloku, chimene chinafa ndi chingwe cha maiki basi, kawiri, pamene chimalowera m'pulagi.

Nkhani ili pa 148 GTL. Iyi ndi wailesi yabwino kuposa inzake, ili ndi SSB (njira ina yotumizira mawu imene imafika patali kuposa AM), ndipo poyesa kuiwonjezera ubwino ndinaipweteka. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina m'tauni amene anandilonjeza kuti mawu adzafika kutsidya. Anachotsa limiter, kachipangizo kamene kamaletsa mawu kupyola muyezo, anatambasula timakoyilo, n'kukweza mphamvu. Singano ya pa mita inayamba kuthamanga mpaka kumapeto, ine mtima n'kukhala pansi. Koma mlamu wanga, amene ndi siginala wa botilo, anabwera nalo dandaulo sabata yomweyo.

“Alamu, mukamalankhula zikumveka ngati muli m'chitini. Kale tinkakumvani bwino.”

Ndinayesa kuti ndi sipika ya m'boti. Sinali sipika. Tsiku lina ndinapita ndekha padoko, mwana akulankhula kunyumba pa tchanelo 14, ndipo ndinamumva pa 13 ndi pa 15 pomwe. Mphamvu imene ndinalipira ija inkangomwazikira kwa eni matchanelo ena. Mu Okutobala, dzuwa la ku Salima kuno lili pamutu, wailesi inatentha kumbuyo moti dzanja silikanakhalapo, kenako zii. Inkamva koma osatumiza. Transistor yomaliza, imene imakuza mphamvu yotumizira, 2SC1969, inali itapsa.

Apa ndi pamene ndinataya ndalama ndi miyezi itatu. Mitsubishi inasiya kalekale kupanga 2SC1969, ndipo zambiri zogulitsidwa pa intaneti n'zachinyengo, nambala yokha ndiyo yoona. Ndinaitanitsa ziwiri. Ina inafa tsiku lomwelo, inayo sinakwanitse ndi wati imodzi yomwe. Ena amasintha bolodi n'kuikamo transistor ya mtundu wa MOSFET monga IRF520, ndipo zimayenda akachita munthu wodziwa kukonza bias (magetsi amene transistor imayambira ntchito), koma ine ndinadikira mpaka ndinapeza wailesi yakufa ya mtundu womwewo kwa dalaivala wina wopuma ntchito ku Chipoka. Ndinazulamo yeniyeni, ndinabwezera limiter, mphamvu n'kuitsitsa pa mawati 4. Kuyambira Januwale sinatenthenso.

Chimene chimandiwawa n'chakuti masamu ake ndi osavuta, ndipo akanandipulumutsa. Kuti singano ya wolandira isunthe ndi S imodzi yokha (S ndi sitepe ya muyezo wa mphamvu ya mawu olandiridwa), wotumiza ayenera kuchulukitsa mphamvu kanayi. Kuchoka pa mawati 4 kufika pa 8 ndi theka chabe la S, khutu silizindikira n'komwe. Munthu amaika pachiswe transistor yosapezeka chifukwa cha kanthu kosamveka.

Kumene mtunda unachokera ndi ku eriyo. CB imayenda pa 27 MHz, funde lake ndi lotalika pafupifupi mamita 11, choncho eriyo yoyenera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a pamenepo, mamita 2.7. Malume ankaimanga pa thiraki, ndipo chitsulo chonse cha galimoto chinkagwira ntchito ngati theka lina la eriyoyo. Boti lathu ndi lamatabwa. Titangoimanga, SWR (muyezo wosonyeza ngati eriyo ikugwirizana ndi wailesi) inapitirira 3, zimene zikutanthauza kuti mphamvu yambiri inkabwerera m'wailesi. Ndinalumikiza mawaya awiri akopa a mamita 2.7 patsinde pa eriyo, n'kuwayala m'mbali mwa boti, wina chakutsogolo wina chakumbuyo. SWR inatsikira pa 1.5. Kunyumba ndinakweza ina pa nsungwi pamwamba pa denga. Ndi zimenezi zokha timamvana bwinobwino boti lili cha ku zilumba za Maleri. Kamita ka SWR ndiko chinthu chimene ndingauze munthu kuti agule asanagule china chilichonse.

Pali mavuto awiri amene sindinawaganizire. Nyali za LED zokopera usipa, makamaka zotchipazi, zimachita phokoso m'wailesi ngati mvula pa malata. Tinagawa mabatire, wailesi ikhale ndi lake, ndipo mlamu akafuna kundiitana amayamba watalikirana ndi bwato la nyali. Lachiwiri, usiku wina mlovi anasemphanitsa mawaya pa batire. Diode yoteteza inafa, fyuzi ya 2A n'kuduka, wailesi n'kupulumuka. Anyamata anafuna kukulunga fyuziyo ndi kawaya monga amachitira pa zinthu zina. Ndinakaniza, ndipo tsopano mafyuzi asanu amakhala omatidwa ndi tepi m'chigubu momwemo.

SSB ija pa ntchito ya boti ilibe gawo, popeza 29 LTD ndi ya AM yokha. Koma masana ena ndikatsegula pa tchanelo 38 ndimamva anthu akulankhula Chitaliyana ndi Chipwitikizi, mawu atadumpha kumwamba kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Zimachuluka dzuwa likafika pachimake pa kuzungulira kwake kwa zaka 11, monga zinalili mu 2024. Ndimangomvera. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'anira ndi a MACRA, ndipo amene akufuna kuyamba kutumiza mawu ayambe wafunsa kumeneko. N'chifukwa china chimene sindinalole kuti mmisiri uja aiwonjezere matchanelo kupyola 40 ake, kuyambira 26.965 kulekeza 27.405 MHz.

Mu Julaye chaka chino, cha m'ma 2 koloko usiku, mwera unadzuka mwadzidzidzi injini itazima. Mawu a mlamu anamveka m'chipinda mwathu, ochepa mphamvu koma omveka liwu lililonse: anatchula pamene ali ndi kumene mphepo ikuwakankhira. Mayi a kunyumba anathamanga kukadzutsa a boti la anzathu, ine ndili pa maiki kuwauza anyamata kuti aponye nangula ndi kusiya nyali imodzi yoyaka. Anawakoka n'kufika nawo padoko kukucha. Madzulo ake ndinatsegula chigubu chija ndipo ndinapeza mchenga wonyowa pansi pake, ndiye sabata ino ndikuboola timabowo totulutsira madzi ndi kusinthanso chingwe cha maiki chisanaduke kachitatu.