Khitchini ya ovutika kufupi ndi Bangula: nsima ili bho, koma za mayinazi akonze

Amene mwakhala mukundifunsa za khitchini ija amaphikira anthu ovutika cha ku Bangula, kuti kodi ndi yeniyeni kapena ndi zija zongodyerapo ndalama za anthu achifundo, ndikuyankheni kamodzi. Ndi yeniyeni. Ine ndimapitako ngati volontiya ndikapeza mpata, nde zomwe ndikunenazi sikuti ndinachita kumva kwa munthu ayi. Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zinayi, imodziyo ndawalanda ndipo chifukwa chake muchimva.

Amayendetsa ndi amayi a mpingo wina mothandizana ndi komiti ya m'mudzi. Anayamba namondwe Freddy atatisambitsa mu Malichi 2023, nthawi ija anthu a ku East Bank ndi ku Makhanga anadzadza m'masukulu ndi m'matchalitchi opanda olo kapu, aliyense ankaona ngati zitha anthu akabwerera kwawo, koma nanga si chaka chotsatira mvula inadulanso ndi El Niño mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ndi choncho, chaka china Shire ndi Ruo zikukokolola munda, chaka china dzuwa likuwotcha chimanga chisanamasule. Mphika sunatsikenso pamoto.

Chakudya chokha sindinganame, amayesetsa. M'mawa ndi phala la ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, pena Likuni Phala akapatsidwa, pena la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo silikhala lamadzimadzi lija umachita kuona pansi pa kapu. Masana nsima ya mgaiwa ndi nyemba, khobwe kapena soya pisi, pambali masamba a sangowa omwe amangothyola pa mpanda pompo. Ufa wa chimanga ukachepa amasakaniza ndi wa mapira, nsima imatuluka yofiirira yolimba bwino, anthu a kuno sadandaula poti ndi yomwe tinakulira, amene amakwinya nkhope ndi alendo a ku Blantyre basi kkkk. Nsomba ndi mwa apo ndi apo, tsiku lomwe asodzi ena achita chifundo ndi timakakana kapena milamba ya ku Elephant Marsh mzere umatalika kufika kumsewu.

Koma abale ntchito ya pa mafuwa paja sizocheza. Mphika wake ndi uja munthu mmodzi sunganyamule, mthiko wake kutalika ngati nkhafi ya bwato, nde povundula amagwira awiri molandizana, wina wagwira mphika ndi ziguduli kuti usagudubuke wina akukoka nsima thukuta lili kamukamu, utsi uli m'maso, kunja mu Okutobala kutentha kopitirira madigiri 40. Nsima ikamaphulika imakuthira pa mkono ndipo imamata, amayi onse ophika pamenepo ali ndi timabala takudatakuda m'mikono. Kuomola ndiye luso lina. Pali mayi wina wachikulire amene chipande chake sichinama, mtanda uliwonse umatuluka wofanana ndi unzake, amangoviika chipande m'madzi, kutapa, kugubuduza kamodzi, mbale ina. Ndi ameneyo amachititsa kuti pamzere pasakhale ndewu, chifukwa munthu wa njala diso lake limakhala pa mbale ya mnzake. Ndipo amayi amenewa salipidwa, amadya nawo nsima yomweyo mwina kutengako ina ya ana kunyumba, basi.

Zaukhondo ali serious. Chichokereni kolera ija ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, pakhomo pali ndowa ya kampopi ya madzi a klorini ndi agogo ena aamuna amene ntchito yawo ndi kubweza aliyense wosasamba m'manja, olo abusa amawabweza. Madzinso ndi nkhani, mjigo wapafupi ndi wamchere ngati mijigo yambiri ya kuchigwa kuno, ndipo nyemba ukaphikira madzi amenewo zimachedwa kupsa n'kukutherani nkhuni, nde ophikira amakatunga kutali pa njinga m'zigubu.

Nkhunizo ndiye zimadya ndalama kuposa mmene munthu angaganizire. Anthu akamapereka thandizo amaganiza za thumba la ufa, palibe amaganiza kuti ufawo upsa ndi chani. Akadapeza mbaula zikuluzikulu zija amaphikira phala m'masukulu bwenzi zikuwayendera, chifukwa mbaula za Chitetezo zija ndi zazing'ono mphika uwu sungakhalepo.

Tsopano nyenyezi yanga ija. Kuti udye pamenepo dzina lako likhale m'kaundula, ndipo mayina amachokera kwa anyakwawa. Mukudziwa kale mmene zimathera. Pamzere umapeza bambo wadzitho amene aliyense akudziwa kuti ali ndi mbuzi ndiponso amapita ku maganyu, khadi lili m'manja, pomwe agogo ena amene akulera zidzukulu zitatu okhaokha dzina lawo mulibe eti chifukwa anasamukira mudzi uno madzi atawathamangitsa nde mfumu ya kuno siikuwawerengera. Agogo amenewo amabwerabe, amakhala pansi pa mtengo chapatali ndi kambale kawo kapulasitiki mu chitenje osapempha osayankhula, kudikira kuti mzere uthe. Kunyumba kwawo amadya nyika, timizu tija anthu amakazula m'madambo nthawi ya njala, kulowa m'madzi ofika m'chifuwa momwe muli ng'ona, kuti uziphike uzisende upeze kanthu kowawira kongodzadzitsa mimba. Amayi ophika amawapatsa, ndawaona, amasiya dala mitanda iwiri pansi pa mbale yovindikira kuphatikizapo nkhoko za mumphika, koma zimachitika mobisa ngati akuba, chikhalirecho agogowo ndi amene khitchiniyi inayenera kuyambira.

Ndinawafunsa atcheya a komiti. Ndinati bambo, agogo awa bwanji simukuwalemba? Akuti mwanangu, ife tikalemba tokha mayina mawa tiitanidwa ku bwalo, ndiponso amene amatipatsa ufa amafuna nambala yomwe tinagwirizana, tikawonjezera mmodzi mawa abwera makumi awiri. Ndikuwamvetsa pang'ono, ufa ndi wochepadi ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mafuta ophikira ndi mchere womwe zinakwera. Komabe kaundula wolembedwa nthawi ya Freddy sangamagwirebe ntchito mpaka pano, ena anamwalira makadi awo akudyera achibale, ena anabwerera ku tsidya. Aitane anthu onse pabwalo awerenge mayina mokweza, mudzi wokha unena kuti uyu ayi uyu eya. Komanso odwala ndi olumala amene sangayende dzuwa limeneli palibe dongosolo lowapititsira chakudya, zimangodalira mnyamata wa kabaza akakhala ndi mtima wabwino tsiku limenelo.

China chomwe chimandinyansa si cha eni khitchini koma alendo. Kubwera pa galimoto 11 koloko nsima itapsa kale, kugwira chipande mphindi ziwiri, kujambulitsa ndi mwana wa eni osapempha n'komwe, madzulo zili pa Facebook. Komiti ikuyenera kuletsa zojambula anthu akudya, munthu wamkulu kumujambula mbamu ili m'kamwa si ulemu.

Ofuna kukathandiza pitani, sakubwezani ndipo safuna kalata iliyonse. Kuchokera ku Blantyre mukwere minibasi yotsika pa Thabwa kudutsa Nchalo ndi Ngabu, mugone konkuno chifukwa moto amakoleza kusanache, 6 koloko nyemba zimakhala zili kale pamoto. Azimayi tengani chitenje ndi duku, azibambo musayembekezere kuti akupatsani mpando, mudzawaza nkhuni ndi kupalasa zigubu. Madzi akumwa nyamulani anu ambiri. Ngati muli ndi kangachepe musagule mabisiketi, gulani mtolo wa nkhuni, mchere, sopo ndi mafuta ophikira, mukapereke m'manja mwa amayi osunga stoo ndipo muonetsetse kuti alemba m'buku inu muli pompo.