Kuyezetsa mtsempha wa mwendo ndi makina a magetsi, nyenyezi 4 mwa 5

Miyezi ingapo phazi langa lakumanzere limachita dzanzi mbali yakunjayi, kuyambira pa kakolo mpaka kachala komalizira, usiku nkumayaka ngati ndaponda khala, nde poti ndili ndi shuga adokotala anati ndikayezetse nerve conduction study, kuyeza mmene uthenga ukuyendera mumtsempha womvera (osati wa magazi). Ndinapita ndili ndi mantha sindinama.

Mayi amene anandiyeza ndi amene apangitsa kuti ndipereke nyenyezi zinayi. Anandigoneka chafufumimba, nkumata timawaya kuseli kwa fupa lotuluka la pa kakolo, kenako anayeza ndi tepi masentimita 14 kukwera kukatumba nkumenya shoko pamenepo. Shokoyo siyowawa kwenikweni, imangokhala ngati wina wakuthwanula ndi labala, koma yoyamba ija eeh ndinadumpha kkkk. Uku akuyeza uku akufotokoza kuti mtsemphawu dzina lake ndi sural, umatsika kuseli kwa katumba limodzi ndi mtsempha wina wa magazi, ndipo ntchito yake nkumva basi, suyendetsa minofu ayi. Nchifukwa chake madokotala akafuna kachidutswa kokapima kulabu, kapena kokalumikizira mtsempha wina woduka, amakonda kudula umenewu, munthu amangotsala ndi dzanzi mbali ya phazi koma amayenda bwinobwino. Anatinso shuga amayamba kuononga mitsempha yaitali, ndiye mapazi ndi amene amayamba kudandaula manja asanamve kanthu.

Zomwe sizinandisangalatse: pondilembera tsiku palibe anandiuza kuti ndisadzole mafuta, ine ndinadzola ndithu mpaka kunyezimira, timawaya tija timangosomoka, anachita kupukuta kaye. Chipindanso chinali chozizira moti anayamba afunditsa mwendo chifukwa mtsempha ukazizira uthenga umayenda pang'onopang'ono ndipo makina akhoza kunama. Apa ndiye panatha nthawi, zonse pamodzi pafupifupi ola.

Pepala la zotsatira ndi manambala okhaokha. Akuti kwa munthu wabwinobwino liwiro limaposa mamita 40 pa sekondi, langa linatsikirapo pang'ono ndipo kamzere ka pa kompyuta kanali kafupi. Anandichenjezanso kuti makinawa amaona timinyewa tikulutikulu tokha ta mumtsemphamo, tating'ono timene timamva kutentha ndi ululu satiwona, nde zotsatira zikatuluka bho koma phazi likuyakabe mubwerere kwa dokotala. Mukamapita valani kabudula kapena buluku lotakasuka, ine ndinavala jini yothina ndinavutika nayo popinda.