Nkhunzi yachikuda pakati pa ma Brahman, patatha miyezi 20

Mu Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndinagula nkhunzi yachikuda kwa mkulu wina wa ku chigwa cha Phalombe, chakufupi ndi nyanja ya Chilwa, n'kubwera nayo kuno kwathu ku Mulanje, m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila. Itatha miyezi itatu ndinauza alimi anzanga kuti ndi yofatsa ndipo sisankha msipu, koma za ana ake tiyambe tadikira. Pano ana akewo ndawaona, mmodzi ndagulitsa kale, ndiye ndikhoza kulankhula.

Khola langa lili ndi zazikazi zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi zamagazi a Brahman ochuluka, chifukwa kuyambira nthawi ya malemu bambo timangokweretsa nkhunzi za mtundu umenewo. Ziwiri zili ndi magazi a Friesian, ndinazigula ku Thyolo kwa mlimi wa mkaka amene amachepetsa khola. Brahman sindikuinyoza ayi. Nayonso ndi ng'ombe ya linunda, anaipanga ku America kuchokera ku mitundu ya ku India, ndipo dzuwa siiliopa. Vuto ndi thupi. Thupi lalikulu limafuna mimba yokhuta, pomwe kuno malo abwino anapita ku tiyi, otsalawo timalimbirana ndi chimanga ndi nandolo. Ikafika Okutobala ng'ombe zanga zimachita kuwerengeka nthiti, ndipo ina imatha chaka chathunthu osatenga bere. Chinandiwawa kwambiri ndi cha 2022, pomwe msoti wanga unalephera kubereka chifukwa mwana anali wamkulu. Tinakoka ndi chingwe mpaka tambala woyamba, mwana anatuluka wakufa, mayi wake anatsatira patatha masiku awiri.

Tsiku lomwe nkhunziyi inafika anthu anaseka. Ndi yaifupi, yakuda, linunda lopendekera kumanzere, nyanga zazing'ono. Mnzanga woyandikana naye khola anaima pampanda n'kufunsa kuti, "Achimwene, kambuzi aka kafikira bwanji pamwamba apo? Kapena mukagulira makwerero?" Ana anaipatsa dzina loti Kafupi, ndipo lidakalipo. Makwerero sanafunike. Pofika Febuluwale 2024 zazikazi zisanu ndi imodzi zinali ndi bere. Yotsalayo ndi nkhalamba yomwe inakanika kale ngakhale ndi nkhunzi zakale, moti mlandu wake sindingausenzetse Kafupi.

Chaka chimenecho mvula inadula, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya chilala. Mapesi anali ochepa, madeya anakwera mtengo chifukwa anthu amapera mgaiwa. Ma Brahman ndimawawonjezera nsenjere ndi makoko a nandolo, koma amaondabe. Kafupi amadya zomwe anzake asiya, amathyola masamba a m'tchire, n'kubwerera madzulo mimba ili ndendende. Anatsika thupi pang'ono, koma nthiti sizinaoneke.

Pa kubereka ndi pomwe ndalama yanga inabwerera. Ana asanu ndi mmodzi anabadwa pakati pa Seputembala ndi Novembala, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene tinamugwira ndi manja. Woyamba sindidzamuiwala. Ndinagona ndi tochi kumutu kwa bedi, chingwe chili pakhomo, mtima uli m'mwamba chifukwa mayi wake anali msoti wobereka koyamba. Ndinasuzumira cha m'ma 2 koloko, ng'ombe ikungobzikula. Kutacha mayi a kunyumba anandidzutsa: "Bambo, tadzukani mukaone mlendo." Ndinapeza kamwana kofiirira, kouma kale, miyendo ikunjenjemera koma kakugunda bere ndi mutu. Ndinakanyamula ndi dzanja limodzi pachifuwa, lina kumbuyo, osamva kulemera. Ana a Brahman ndimachita kuitana mnyamata kuti tithandizane. Onse asanu ndi mmodzi ali moyo, ngakhale mmodzi anatsegula m'mimba nthawi ya dzinja mpaka tinaitana alangizi a ziweto.

Za nkhupakupa anthu amakokomeza. Amati yachikuda siifuna mankhwala, limenelo ndi bodza. Loweruka lililonse ndimakweza mchira, kuyang'ana m'makutu ndi pakati pa miyendo. Kafupi ndimamupeza nazo, koma zowerengeka, pomwe ma Friesian aja m'makutu mumachita kudzaza. Ana ake obadwa kwa ma Friesianwo ali bwino kuposa amayi awo, ubweya ndi waufupi ndi wosalala. Pakati pa ana a Kafupi ndi ma Brahman kusiyana kwake n'kochepa. Kupopera sindinasiye, ndinangotalikitsa masiku m'chilimwe, ndipo ndi mtengo wa mankhwala wa masiku ano chimenecho si chaching'ono.

Tsopano poipa pake. Ana ndi aang'ono, ndipo amakula mwaulesi. Mwezi watha ndinagulitsa wamphongo wa miyezi isanu ndi inayi kwa bambo wina amene amanenepetsa ng'ombe m'khola n'kumagulitsa kwa abutchala a ku Luchenza. Anamuzungulira kawiri, kumugwira pamsana ndi pantchafu, kenaka anati, "Bwana, apa mwabwerera m'mbuyo. Ameneyu ndimudyetsa mpaka liti?" Anandipatsa mtengo wotsika kuposa womwe ndikadapeza pa mwana wa Brahman wa msinkhu womwewo, ndipo sindinakangane naye kwambiri chifukwa amanena zoona. Wogula nyama amalipira makilogalamu, za usiku womwe sunakoke chingwe alibe nazo ntchito. Ngati cholinga chanu n'kugulitsa zamphongo msanga, ndipo msipu ndi madeya muli nazo zokwanira, nkhunzi ngati iyi ikukhumudwitsani.

Phindu lake ine ndikuliona mwa ana aakazi. Ndili nawo anayi, ndipo sindigulitsa ngakhale mmodzi. Ndikufuna mayi wa thupi lapakatikati, wotha kupirira Okutobala wa kuno, woti ndikadzamukweretsanso Brahman wabwino mwana adzatenge thupi kwa bambo, kulimba kwa mayi. Maganizo amenewa si achilendo. Ku South Africa a Jan Bonsma anapanga mtundu wa Bonsmara posakaniza Afrikaner, ng'ombe yakomweko, ndi Hereford komanso Shorthorn za ku Ulaya, ndipo magazi ochuluka, magawo asanu mwa asanu ndi atatu, anasiya a Afrikaner. Ku Zimbabwe mtundu wa Tuli unachokera ku ng'ombe za anthu akumudzi zomwe a Len Harvey anasankha m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1990 ma Tuli ndi ma Boran, mtundu winanso wa muno mu Africa, anakalowa ku Australia, dziko la ng'ombe zankhaninkhani, kukalimbitsa mitundu yawo. Ife tili ndi Malawi Zebu pakhomo pomwe, koma timaitcha yalokolo ngati tikutukwana.

Kusiyana kwake n'koti iwowo amasankha ndi kulemba. Kuno wamphongo wokula bwino ndi amene timafula kuti akoke ngolo, kapena timagulitsa ikavuta fizi, n'kusiya wonyentchera kuti azikwera amayi ake ndi azilongo ake. Tikatero timati zachikuda n'zazing'ono mwachibadwa. Choncho musangotola nkhunzi iliyonse yakumudzi poti ndi magazi akale. Ine ndinapita katatu kwa mkulu uja ndisanalipire. Ulendo wachiwiri ndinati, "Agogo, ndionetseni mayi wake." Anandilozera ng'ombe yokalamba ya mano otha, mwana ali pambali, n'kuwerenga pa zala ana ake asanu ndi atatu, aliyense ndi chaka chake ndi komwe anapita. Bambo wake wa Kafupi anali wa khola la mudzi wina. Zimenezo ndi zomwe ndinagula, osati linunda.

Pali kakhalidwe kamodzi komwe sindinakaone miyezi itatu yoyamba ija. Yaikazi ya mnzanga ikatentha, Kafupi amalumpha mpanda ngati gwape. Kawiri ndalipira chimanga cha eni, ndipo mpanda ndakweza ndi mizere iwiri ya nsungwi.

Zazikazi zisanu zatenganso bere lake lachiwiri. Zikabereka ameneyu achoke, ana ake aakazi asanafike potentha. Mnzanga wa makwerero uja wabwera kale kawiri kudzafunsa mtengo, akuti misoti yake iwiri ikumudetsa nkhawa. Ndamuuza kuti ayambe wakweza mpanda.