NVDA ndi Thunderbird: chaka chatha ndikudziwerengera ndekha maimelo

Maso anga anafa ndi glaucoma ndili kale pantchito. Ndodo ndinaizolowera msanga. Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti imelo iliyonse yanga inkayamba yadutsa m'maso mwa mwana wa mchemwali wanga. Kalata ya ku banki, zotsatira za kuchipatala, nkhani za malipiro, iye ndiye ankayamba kuzidziwa. Ndi mwana waulemu, koma zinsinsi za amalume siziyenera kusungidwa ndi mwana wa Fomu 2.

Mnzanga wina wosaona ndiye anandibweretsera NVDA pa fulashi. Ndi pulogalamu ya pa Windows imene imawerenga mokweza zonse zili pa sikirini, ndipo ndi yaulere, simulipira ngakhale tambala. Anaiyambitsa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, kenaka anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona. Mwina n'chifukwa chake zinthu zimene ife timazifuna zili pafupi ndi zala. Maimelo ndimatsegulira mu Thunderbird, nayonso yaulere. Ndimatsika ndi batani la muvi, NVDA n'kumanena amene watumiza, mutu wa nkhani ndi tsiku. Ctrl ndi R ndayankha, Ctrl ndi Enter yapita. Mausi ndinaiika m'dilowa.

Masabata awiri oyamba ndinatsala pang'ono kuisiya, osabisa. Mawu ake ali ngati a wailesi yofooka mabatire, ndipo ndinkaisiya pa Chingerezi, ndiye ikafika pa "Ndathokoza kwambiri" inkatulutsa zinthu zoti ngakhale mayi anga sakanazimva. Amene anandipulumutsa ndi mnzanga yemwe uja: anandiuza kuti pa eSpeak, chipangizo chotulutsa mawu cha mu NVDA, ndisankhe Chiswahili. Mavawelo amamveka ngati athu, moti Chichewa chimamveka ndithu, kungoti ngati akuyankhula ndi m'bale wa ku Dar es Salaam. Panopa ndinawonjezera liwiro mpaka a kunyumba amati sakumvapo kanthu.

Vuto lenileni lili ndi otumiza. Ofesi ina inanditumizira imelo ya mutu wakuti "Onani", mkati mwake chithunzi chokhachokha cha chikalata chimene anachikongoletsa. NVDA inangoti "graphic", basi. Ndinaganiza kuti ndi zotsatsa malonda, ndinafufuta. Kumeneko kunali kusintha kwa tsiku la msonkhano, ndipo ndinakwera minibasi ulendo wonse kukapeza holo yokhoma. Pambuyo pake ndinaphunzira kuti Insert ndi R imayesa kuzindikira malemba a pa chithunzi, bola Windows ikhale 10 kapena 11. Zimathandiza ngati chithunzicho chili choyera. Koma kalata yojambulidwa ndi foni mopendekeka, yokhala ndi chidindo pamwamba pa deti, imatuluka phala.

Enanso ndi aja olemba "dinani apa" paliponse. Ndikadina Insert ndi F7 kuti ndimve malinki onse, ndimamva "dinani apa" kasanu motsatizana, osadziwa kuti wa fomu ndi uti, wochotsera dzina langa pa mndandanda ndi uti. Inu alembi a m'maofesi, tsiku, nthawi ndi malo zilembeni m'mawu mu imelo momwemo, chithunzi chibwere pambuyo. Linki nayo inene kumene ikupita.

NVDA ndikuipatsa nyenyezi 5. Laputopu yanga ndi yakale koma siilemedwa nayo, ndipo fulashi ija ndimayenda nayo m'thumba, ndikafika pa kompyuta ya wina ndimangoilowetsa popanda kuikamo chilichonse. Mugulirenso mahedifoni tsiku lomwelo. Ine ndinachedwa kugula, ndipo tsiku lina inawerenga malipiro anga mokweza mu ofesi, ngongole ya SACCO ndi zonse, anzanga atatu ali phee kumwa tiyi.