Ndemanga yanga pa maulendo a gulu la njinga zamoto la muno m'Chipata

Njinga yanga yamoto ndi Bajaj Boxer ya 150cc, ndipo ndinaigula kuti izindifikitsa kumunda kwanga cha kumsewu wa ku Chadiza. Kwa zaka zitatu inkangodziwa njira imodzi yokhayo, mpaka pamene makaniko amene amaikonza ku Kapata anandinyengerera kuti ndilowe m'gulu lina la okwera njinga zamoto la m'tauni muno. Pakadali pano ndayenda nawo maulendo anayi a tsiku limodzi ndi umodzi wokagona m'matenti ku Mfuwe, choncho ndikuona kuti ndili ndi pokambira kwa amene akuganiza zolowa.

Tsiku loyamba ndinafika mwamanyazi, chifukwa pamalo okumanirana panali njinga zazikulu za Yamaha ndi BMW zimene kulira kwake kumamveka m'chifuwa, pamene yanga ndi mtundu womwewo umene anyamata amanyamulira anthu ndi matumba a makala. Palibe anandiseka. Kaputeni wa pamsewu anazungulira njinga iliyonse mofanana, kufinya mabuleki, kugwedeza tcheni ndi chala, kuyang'ana matayala, kenako kupempha laisensi ya RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu. Mnyamata wina amene anabwera ndi helemeti yopanda lamba anabwezedwa kuti akabwereke ina, ngakhale kuti njinga yake inali yodula kuposa zonse.

Chimene ndingayamikire gululi popanda kuchotsera ndi mwambo wake pamsewu. Kaputeni amakhala patsogolo ndipo palibe amene amaloledwa kumupitirira, njinga zazing'ono zimaikidwa pambuyo pake penipeni kuti liwiro lizitengera izo, ndipo kumapeto kwenikweni kumakhala munthu wonyamula zipangizo amene lamulo lake ndi lakuti asadutse aliyense wa m'gulu amene waima. Amene waona dzenje amaloza ndi phazi, ndipo chizindikirocho chimayenda mpaka kwa womaliza. Phindu la zimenezi ndinaliona pa ulendo wa ku Katete, makilomita oposa 80 pa Great East Road, pamene tinapita kukaonera mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti. Msewu umenewu uli ndi malole akuluakulu opita ndi kuchokera kumalire a Mwami, ndipo wokwera yekha amakankhidwira kunja kwa phula ngati nkhuku. Koma njinga khumi ndi ziwiri zoyatsa nyali, zoyenda mwadongosolo, oyendetsa malole amazipatsa malo.

Ulendo wa ku Mfuwe ndiwo uli ndi zambiri zokamba. Tinauzidwa kuti tinyamuka 6 koloko m'mawa Loweruka kuti titsike m'chigwa dzuwa lisanakwiye, ndipo ine ndinafika kudakali chisisira. Tinanyamuka 9 koloko itadutsa kale, chifukwa wina anali asanathire petulo, wina anaiwala mitengo ya tenti, ndipo galimoto yonyamula katundu inali isanapezeke. Kwa amene sadziwa, Chipata ili pamtunda woposa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja, pamene Mfuwe ili pafupifupi theka la pamenepo, ndipo m'mwezi wa Okutobala kusiyana kumeneku munthu amakumva pakhungu. Titangotsika mapiri a Mphomwa mphepo inasanduka ngati yotuluka m'uvuni wa njerwa, moti jekete limene m'mawa linkanditeteza linakhala chilango. Maola atatu amene tinataya ku Chipata tinawalipira pamenepo.

Titadutsa Jumbe, tayala langa lakumbuyo linayamba kuvina, ndipo nditaima pansi pa mtengo wa tsanya wopanda ndi tsamba lomwe ndinapeza msomali utalowa mpaka mutu. Ndisanavule ndi magolovesi omwe, wotsalira kumbuyo uja anali ataimika kale njinga yake. Ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anayala kansalu pansi, nandandalikapo masipanala, zitsulo ziwiri zovulira tayala, guluu ndi zigamba, ndipo nati uliwonse umene ankamasula ankauika m'helemeti yake kuti usatayike mumchenga. Atatulutsa chubu anachipopa pang'ono, nachiyendetsa pafupi ndi tsaya lake mpaka atamva pamene mpweya unkatulukira, kenako anapalapo ndi sandipepala, napaka guluu, nadikira kuti aume kaye asanamatepo chigamba. Nditatulutsa ndalama kuti ndimuthokoze anagwedeza mutu nati, “Ayi amalume, bwezani m'thumba, ntchito yanga lero ndi yomweyi. Koma chubu ichi chatha, zigamba zakale ndawerenga zinayi. Tikabwerera mukagule china.” Anzathu onse anali atatidikira pamthunzi patsogolo pang'ono, ndipo palibe anaonetsa nkhope yakuti ndawachedwetsa.

Malo amene tinamangapo matenti anali m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kutsidya kwake kuli paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Pa nyengo imeneyo madzi amakhala ataphwa kwambiri, mvuu zitaunjikana m'maiwe otsala, ndipo madzulo tinaona njovu zikuoloka pamchenga kubwera tsidya lino. Mlonda wa pamalopo anatichenjeza kuti tisasunge zipatso m'matenti ndiponso kuti usiku tisatuluke popanda tochi. Cha pakati pa usiku ndinadzidzimuka ndi phokoso la udzu ukumwetedwa pafupi ndi mutu wanga, ndipo nditasuzumira pakaukonde ka tenti ndinaona msana wa mvuu ukunyezimira ndi mwezi, pamtunda umene munthu angaponye chipewa. Ndinagona chagada osagwedezeka mpaka inapita. Sindikuwerengera zimenezi ngati cholakwa cha gulu, chifukwa ndi zimene tinapitira.

Zolakwa zake zinali pa kakonzedwe. Galimoto ya katundu inafika mdima utagwa, moti nsima tinadya cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo nyama imene inayenda tsiku lonse padzuwa madzi oundana atasungunuka kalekale sinali yoti munthu n'kuidya ndi mtima wonse. Madzi akumwa anatha Lamlungu m'mawa. Chinandiwawa koposa n'chakuti palibe anatiuza tidakali ku Chipata kuti njinga zamoto siziloledwa kulowa m'paki, ndiponso kuti wofuna kukaona nyama mkati ayenera kulipira payekha pageti ndi pagalimoto ya malo ogonawo. Akale m'gulu ankadziwa ndipo anabwera okonzeka, koma ife atsopano atatu tinangotsala pamsasa kusunga njinga za anzathu. Pa chopereka chimene aliyense anapereka, msungichuma sanatiwerengere kuti zingati zinapita ku chakudya, ku malo ogona kapena ku mafuta a galimoto ija, ndipo nditafunsa pa WhatsApp ya gulu ndinayankhidwa kuti zidzakambidwa pamsonkhano, umene mpaka lero sunachitike. Sindikunena kuti wina anadya ndalama, koma gulu limene limawerenga zigamba za pachubu cha munthu siliyenera kulephera kuwerengera anthu ake makwacha.

Pa nkhani ya mowa ndiwapatse ulemu wawo. Loweruka usiku unamwedwa ndithu, koma Lamlungu kaputeni analetsa botolo lililonse mpaka titafika kwathu, ndipo mkulu wina amene anadzuka maso ali psuu anauzidwa mwaulemu kuti akwere galimoto, njinga yake ikwezedwe kumbuyo. Anang'ung'udza, koma anakwera.

Amene ali ndi njinga yaing'ono ngati yanga asaope kulowa, bola anyamule chubu chapadera, malita angapo a madzi akeake ndi kamba wa tsiku limodzi, ndipo afunse mafunso onse a ndalama asanapereke. Mwezi wamawa gululi likupita ku Lundazi, makilomita pafupifupi 180 kumpoto, kukaona nyumba ina yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya. Dzina langa ndalembetsa kale ndipo chubu chatsopano ndagula, koma chopereka ndauza wapampando kuti ndidzapereka akadzatiwerengera za ku Mfuwe.