Masiku awiri ku Harare: phukusi la ku loji, Mbare ndi Mereki, kapena Tengenenge?

Kunyumba kwanga ku Mufakose, komboni ya kuno ku Harare, kuli chiboliboli cha mwala chimene ntchito yake masiku ano ndi kutchinga chitseko cha kukhitchini kuti mphepo isamachimenyetse. Ndinachigula madola 80. Achibale a ku Blantyre ndi ku Joni akaimba foni kufunsa kuti, "Achimwene, tikabwera Loweruka ndi Lamlungu, tikaone kuti zaluso, tikadye kuti?" ndimayamba ndachiyang'ana kaye chibolibolicho. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba kamodzi. Njira zilipo zitatu, ndipo zonse ndaziyesa ndi thumba langa.

Yoyamba ndi imene inandiluma. Alamu anga a ku Chilomoni atabwera ndi akazi awo, ndinafuna ndionetse kuti zaka zanga kuno sizinapite pachabe. Ndinawalipirira phukusi pa loji ina ya kumayadi, kumpoto kwa mzinda: kugona masiku awiri, galimoto yowayendetsa, "ulendo wa zaluso", ndi chakudya chimene anachitcha chachikhalidwe. Pa zogona sindinganame, bedi linali labwino, madzi a pachitsime chawo sanasiye, magetsi atathima sola inagwira. Zothokoza zathera pomwepa.

Ulendo wa zaluso uja unali chonchi. Dalaivala anatidutsitsa pa National Gallery osaima, akuloza ndi chala pawindo ngati akutionetsa polisi. Kenako anatitsitsa pa kashopu kena kokhala ndi udzu wothiriridwa bwino, ndipo tinakhalapo pafupifupi maola awiri. Ziboliboli zakuda bii, zonyezimira, mayi wobereka mwana kumbuyo, banja logwirana manja. Wogulitsa anati ndi springstone, mwala wolimba wa ku Great Dyke. Ndinagula ziwiri, changa ndi cha alamu. Polipira ndi khadi anawonjezera zawo zimene palibe anazitchula, kenako ya kukulunga, kenako ya kapepala koti "ka pa boda" kamene pa Nyamapanda palibe anakafunsa. Tikutuluka ndinamuona dalaivala akubwerera m'kati yekha, n'kutuluka akusunga kanthu m'thumba la malaya. Apo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chimene pa Gallery panalibe nthawi koma pano inalipo yambiri.

Lolemba masana alamu anaimba ali ku Tete. Amene munadutsako mukudziwa kutentha kwake. Chiboliboli chinali chitakulungidwa mu chitenje chatsopano cha akazi awo, ndipo chitenjecho chinali chitada. Polishi wa nsapato. Ndinathamangira changa, n'kukanda kunsi ndi chikhadabo, mwala n'kunyenyeka ngati sopo, m'kati muli kotuwa. Unali mwala wofewa uja wotchipa, wopakidwa kuti uoneke ngati wina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ngakhale phulalo sindinalipeze. Osema enieni amatenthetsa mwala n'kupakapo phula loyera kuti mtundu wa mwalawo utuluke wokha, ndipo springstone chikhadabo sichingaikande. Mwala wofewa si tchimo, alipo amene amausema bwino n'kukuuzani poyera kuti ndi umenewo, pa mtengo wake. Chimandiwawa ndi bodzalo, komanso kuti mlongo wanga mpaka lero akandiona amafunsa za chitenje.

Chakudya chachikhalidwe chija chinali mitanda iwiri ya sadza yaing'ono ngati mazira, yoikidwa pa mbale yaikulu, ndi mpeni ndi foloko pambali. Alamu anangoti, "Alamu, nsima ikubwera nthawi yanji?"

Njira yachiwiri ndi yoyenda nokha, ndi m'bale wa kuno kutsogolo. Mugone kwa achibale kapena pa malo otchipa a ku Avenues, kumene mungathe kufika m'tauni wapansi. Loweruka m'mawa muyambire pa National Gallery of Zimbabwe, pa Julius Nyerere Way, pafupi ndi Harare Gardens. Inatsegulidwa mu 1957, ndipo woyang'anira wake woyamba, Frank McEwen, ankapatsa anthu akuda zipangizo ndi malo oti azijambula ndi kusema, nthawi imene azungu a Salisbury (dzina lakale la mzinda uno) sankaona ngati pali chimene Mwafirika angaike pakhoma. Pitani kumeneko musanagule chilichonse. Maso akakhala ola limodzi pa ntchito za osema otchuka monga Nicholas Mukomberanwa kapena Henry Munyaradzi, a mumsewu sangakupusitseninso. Amene amakonda zatsopano afunse za First Floor Gallery, imene inayamba mu 2009 ndipo imaonetsa achinyamata a lero.

Masana mukwere kombi ya ku Mbare. Apa ndivomereze kuti ndili ndi mbali. Mbare ndi kumene agogo athu ambiri ankafikira akachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito, kalelo dzina loti Harare likadali la komboni imeneyi yokha, mzinda wonse usanalitenge mu 1982. Mukayenda mumsika mudzamva Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, ndipo mukapereka moni wa kwathu kwa agogo ena ogulitsa fodya, akufunsani mudzi ndi mfumu. Mbare Musika inapsa ndi moto mu Okutobala 2024, koma malonda sanafe. Muli matemba a ku Kariba, mawere, nzama, zitheba zouma, ndi madora, amene ife tingawaike gulu la mphalabungu. Ku Mbare komweko, mu holo yakale ya mowa, Moffat Takadiwa ndi anzake anatsegula Mbare Art Space. Munthuyu amaluka zinthu zikuluzikulu zopachika pakhoma ndi mabatani a kompyuta zakufa, miswachi yotha ndi zitsekerero za mabotolo zotoledwa kudzala, ndipo ntchito zake zimakaonetsedwa kunja. Muyambe mwafunsa ngati kuli kotsegula, chifukwa ndi malo ogwirira ntchito, si shopu.

Kudya kwa njira imeneyi ndi kumene kumapambana popanda mkangano. Sadza ndi nsima yathu yomwe, kungoti ya kuno imalimbirapo ndipo ufa wake si woyera wa m'mphale wonyika uja wa kwathu. Funsani muriwo une dovi, ndiwo zotendera koma ndi chiponde m'malo mwa nsinjiro. Funsani mazondo, amene ndi mang'ina, kapena maguru ndi matumbu. Nkhuku yachikuda kuno amaitcha road runner. Mukapeza sadza ya mawere, yofiirira ija, musaisiye. Madzulo mupite kwa Mereki ku Warren Park D. Mumagula nyama pa butchala ndi maso anu, n'kupatsa amayi oyang'anira mbaula, iwo n'kuwotcha n'kubweretsa ndi sadza ndi tomato wa tsabola, inu mutakhala pa boneti ya galimoto, utsi uli tolotolo, wailesi iliyonse ikulira yake. Amati gochi-gochi. Mtengo wa kuwotcha mugwirizane nyama isanafike pamoto. Kuli phokoso, zimbudzi zake sizokondweretsa, ndipo amayi a Mvano mwina sangakhaleko nthawi yaitali.

Lamlungu, ngati mwayi ulipo, m'makomboni monga Mufakose, Mbare ndi Dzivarasekwa zilombo zimatuluka. Ashona amati zvigure. Izi sizikhala pa pulogalamu ya loji iliyonse, ndipo si ine wokuuzani tsiku. Mufunse akuluakulu a kuno, mupite ndi ulemu ndi kandalama ka m'manja, foni ikhale m'thumba mpaka eni bwalo atalola.

Choipa cha njira imeneyi ndi kutopa, fumbi, ndi akuba m'thumba pa siteji ya Mbare. Chikwama chikhale kutsogolo.

Yachitatu ndi Tengenenge, mudzi wa osema miyala kufupi ndi Guruve, makilomita ngati 150 kumpoto kudzera ku Mazowe ndi Mvurwi, chigawo chomaliza cha fumbi. Mtima wanga uli kumeneko kuposa kwina kulikonse. Tom Blomefield anali mlimi wa fodya. Zilango za malonda zitagwera Rhodesia pambuyo pa 1965, fodya anasowa msika, ndipo mu 1966 iye ndi antchito a pafamupo anatembenukira ku mwala umene unali m'phiri la pomwepo. Ambiri mwa antchitowo anali ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Fanizani Akuda, wa ziboliboli za maso otsinzina ndi milomo yoimba mluzu, anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Josiah Manzi anabadwira m'banja la Ayao. Zimene dziko lonse limazitcha zosema za Ashona zili ndi manja a anthu athu m'kati, ndipo mukaona nkhope zina pakati pa mitengo ija, wolowa kudambwe sachita kuuzidwa kumene zinachokera. Mumagula kwa wosema mwini wake, tchizulo chili m'manja, ndipo amakuonetsani mwala wosasema womwewo kuti muyerekeze.

Koma kwa munthu wa masiku awiri sindimalimbikitsa. Popanda galimoto yanu ulendowu umadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya hayala, chakudya ndi chimene mwanyamula kapena mwapangana nawo pasadakhale, ndipo nthawi ya mvula msewu uja umafuna galimoto yokwera. Wofuna miyala yambiri pamalo amodzi osatuluka mumzinda apite ku Chapungu Sculpture Park ku Msasa, imene Roy Guthrie anayambitsa mu 1970. Ndi theka la tsiku basi.

Za ndalama, njira zonse zitatu n'chimodzimodzi: nyamulani madola a America ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, osang'ambika, chifukwa chenji ndi nkhondo ndipo angakubwezereni ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, yomwe mukaoloka Nyamapanda simungagule nayo ngakhale nthochi. Za nyengo, bwerani kumayambiriro kwa Okutobala, jakaranda atachita maluwa m'misewu ya ku Avenues.

Ndiye mukandifunsa, yachiwiri. Loji itengeni ngati muli ndi okalamba ofuna bedi labwino, koma mulipire chipinda chokha, ulendo wawo muukane, ndipo dalaivala akati "ndikudziwa malo abwino" muziti zikomo. Tengenenge muisungire ulendo wa masiku anayi. Alamu akubweranso pa Khirisimasi, ndipo ndawauza kale kuti tikayambira kwa Mereki, nyama ndilipira ine, pamodzi ndi chitenje.